Andrew Carnegie, Mwana wa Woomba Nsalu Amene Anamanga Nyumba za Mabuku

Palibe mmodzi wa ife amene sanamvepo za ubwana wa David Livingstone: kuti ankagwira ntchito m'nyumba yopotera thonje ku Blantyre wa ku Scotland, buku lake ataliika pamakina, ndi kuti akaweruka ankapitanso ku sukulu ya madzulo ngakhale anali wotopa. Koma dziko lomwelo linabala mnyamata winanso amene anayamba ndi ntchito ya thonje, ndipo dzina lake silimveka kawirikawiri m'makalasi mwathu. Ameneyu ndiye Andrew Carnegie. Iye anakula nakhala mmodzi wa anthu olemera koposa pa dziko lonse lapansi, ndipo ndi chuma chakecho anamangitsa nyumba za mabuku 2,509, zimene ambiri amazitcha malaibulale. Ndasankha kulemba za iye chifukwa m'moyo wake muli funso loyenera kuti ife ophunzira tiliganizire. Funsolo ndi ili: munthu akawamangira anthu akuluakulu nyumba yoti aziphunziramo, nawatsegulira chitseko popanda kuwalipiritsa, chimene chimawaletsabe kulowa n'chiyani?

Ubwana wake ku Dunfermline

Andrew anabadwa pa 25 November 1835 m'tauni ya Dunfermline. Atate ake, a William Carnegie, anali mmisiri woomba nsalu ndi manja, ndipo choombera chao chinali m'chipinda chapansi cha kanyumba komwe ankagonamo. Amai ake anali a Margaret, munthu wolimba mtima ndi wosatopa ndi ntchito. Oomba nsalu a m'tauni imeneyo anali anthu okonda kudziwa zinthu ndi kutsutsana pa nkhani za dziko. Popeza mabuku anali okwera mtengo, a William ndi anzao owerengeka anasonkhanitsa timabuku tao pamalo amodzi kuti azibwerekana. Motero Andrew anaona akali wamng'ono kuti munthu wandevu angathe kuphunzirabe, ngakhale alibe mphunzitsi kapena kalasi.

Iye anayamba sukulu ali ndi zaka 8, ndipo zaka zake zonse za m'kalasi sizinapitirire 5. Zambiri za mbiri ya dziko lake, ndiponso ndakatulo za Robert Burns, anazimva kwa George Lauder, amene anakwatira mbale wa amai ake ndipo anali ndi kasitolo m'tauni momwemo.

Tsono kunafika makina oyendera nthunzi, amene ankaomba nsalu zambiri pa nthawi yochepa ndi pa mtengo wotsika. Amalonda analeka kupereka ntchito kwa oomba ndi manja, ndipo umphawi unalowa m'nyumba ya a Carnegie. Amai anayesa kugulitsa timalonda ndi kusoka nsapato, koma sizinakwanire. Potsiriza anagulitsa katundu wao yense, nakongola mapaundi 20 kwa mnzao wa amaiwo, ndipo m'mwezi wa May 1848 banja lonse linakwera ngalawa yaikulu ya matanga yotchedwa Wiscasset kupita ku America. Ulendo wa panyanja unatha masabata 7. Andrew anali ndi zaka 12, ndipo mng'ono wake Tom anali akali kamwana.

Ntchito zake zoyamba

Anakakhala ku Allegheny, tsidya lina la mtsinje kuyang'anana ndi mzinda wa Pittsburgh, kumene abale a amai ake anali atatsogolako kale. Za sukulu zinathera pomwepo. Andrew analowa ntchito m'fakitale ya thonje, yosintha timitengo tokulungirapo ulusi, ndipo ankalandira $1.20 pa sabata. Ankalowa kusanache natuluka kutada, maola 12 pa tsiku, masiku 6 pa sabata. Pambuyo pake anapatsidwa ntchito yosonkhezera moto wa injini m'chipinda chapansi cha fakitale ina, ndipo usiku ankadzidzimuka m'tulo poopa kuti mwina injiniyo iphulika chifukwa cha kulakwitsa kwake.

Mwini fakitaleyo ataona kuti mnyamatayo amalemba bwino ndiponso amadziwa samu, anayamba kumpatsa ntchito ya ukalaliki. Andrew anazindikira kuti makampani aakulu amalemba mabuku a ndalama mwa njira ina yoposa imene bwana wake ankatsata. Choncho iye ndi anzake atatu anapangana, nayamba kupita kwa mphunzitsi wina ku Pittsburgh madzulo a nyengo yachisanu kukaphunzira njirayo. Taonani kuti panalibe wowakakamiza. Anapita chifukwa anaona ndi maso ao kuti phunzirolo lidzawapindulira pa ntchito.

Posakhalitsa analembedwa ntchito yopereka makalata a lamya, pa malipiro a $2.50 pa sabata. Analoweza misewu ya mumzinda ndi maina a amalonda, ndipo m'mamawa, eni ake a ntchito asanafike, ankadziphunzitsa kugogoda makina a lamya. Sipanatenge nthawi, anatha kumva uthenga ndi khutu lokha popanda kuyang'ana papepala, luso limene anthu ochepa kwambiri anali nalo masiku amenewo.

Mabuku a Colonel Anderson

Pa nthawi imeneyi kunachitika chinthu chimene Andrew sanachiiwale mpaka imfa. Mkulu wina wa ku Allegheny, Colonel James Anderson, anali ndi mabuku ngati 400 m'nyumba mwake. Iye analengeza kuti Loweruka lililonse anyamata ogwira ntchito angathe kubwera, aliyense n'kutenga buku limodzi, kuti adzalibweze Loweruka linalo ndi kutenga lina. Andrew ankayenda ndi buku m'thumba, nawerenga podikira makalata. Anawerenga mbiri ya dziko la America yolembedwa ndi Bancroft, ndi zolemba za Macaulay ndi za Lamb, ndipo sabata lonse ankangolakalaka kuti Loweruka lifike.

Pambuyo pake mabukuwo anachuluka, nasamutsidwira m'nyumba ina m'manja mwa oyang'anira ena. Iwowa anaika lamulo lakuti obwereka ulere ndi anyamata okhawo amene anaperekedwa kwa amisiri ndi pangano lolembedwa kuti aphunzire umisiri. Ena onse azilipira $2 pa chaka. Andrew analibe pangano lotero. Tsono m'chaka cha 1853, ali ndi zaka 17, msinkhu wa ambiri a ife, analemba kalata ku nyuzipepala ya Pittsburgh Dispatch, nafotokoza kuti cholinga cha Colonel Anderson chinali kuthandiza mnyamata aliyense wogwira ntchito. Woyang'anira mabukuwo anamuyankha m'nyuzipepala momwemo, koma Andrew analembanso, ndipo potsiriza lamulo linasinthidwa. Apa anaphunzira kuti kandalama kochepa kopempha pakhomo kangathe kutsekereza munthu wosauka kunja ngati mpanda waminga. Akulu anati kupatsa n'kuika. Colonel Anderson sanadziwe kuti mabuku ake 400 adzabala nyumba zambiri chotero, ndipo mu 1904 Carnegie anammangira chipilala cha chikumbutso ku Allegheny.

Chuma cha njanji ndi chitsulo

Chaka chomwecho cha 1853 chinali choyamba chake pa kampani ya njanji ya Pennsylvania Railroad, kumene Thomas Scott anamtenga kuti akhale kalaliki wake ndi womenya lamya, pa malipiro a $35 pa mwezi. Atate ake anamwalira mu 1855, ndipo udindo wa banja unagwera iye. Scott anamphunzitsa kugula magawo m'makampani, kotero kuti ndalama zake zinayamba kubala zinzake. Ali ndi zaka 24 anakhala woyang'anira chigawo chonse cha njanji cha ku Pittsburgh. Mu 1865 anasiya ntchito ya njanji nayamba zakezake, makamaka kumanga milatho yachitsulo. Atapita ku England anaona njira ya Henry Bessemer, youzira mpweya m'chitsulo chosungunuka kuti chiyere msanga ndi kukhala cholimba, ndipo mu 1875 anatsegula ng'anjo zake zazikulu ku Braddock, pafupi ndi Pittsburgh. Dziko la America linali pa kalikiliki woyala njanji, choncho chitsulo chake sichinasowe ogula.

Pali kapepala kamene anadzilembera yekha mu 1868, ali ndi zaka 33, pamene ankapeza $50,000 pa chaka. M'menemo anadzilonjeza kuti pakatha zaka ziwiri adzasiya malonda napita ku Oxford kukaphunzira, chifukwa ankaopa kuti kukonda ndalama kudzamuononga mtima. Lonjezolo sanalisunge. Anapitiriza malonda zaka zina zoposa 30, kufikira mu 1901 pamene anagulitsa kampani yake kwa J. P. Morgan pa mtengo wa $480 miliyoni. Komabe maganizo aja sanamchoke. Mu 1889 analemba nkhani yotchuka yonena za chuma, m'mene anaphunzitsa kuti munthu wolemera ali ngati kapitao wosungira anthu chuma, kuti ayenera kuchigawa akali moyo, ndi kuti n'chamanyazi kufa uli wolemera. Sanakonde kugawira anthu ndalama m'manja. Anafuna kupereka zinthu zothandiza munthu amene afuna kudzithandiza yekha, ndipo pa zinthu zotere nyumba ya mabuku anaiika pakati pa zoyamba.

Nyumba za mabuku

Yoyamba anaipereka kwao ku Dunfermline. Mu 1881 anabwerera kumeneko ndi amai ake, omwe aja anachoka ndi ngongole ya mapaundi 20, ndipo amaiwo ndiwo anaika mwala woyamba wa maziko. Nyumbayo inatsegulidwa mu 1883. Kuyambira pamenepo kufikira 1929 zinamangidwa 2,509: m'dziko la United States 1,689, ku Britain ndi Ireland 660, ku Canada 125, ndipo zotsalazo m'maiko ena monga Australia, New Zealand ndi South Africa. Mzinda wa New York wokha unalandira $5.2 miliyoni mu 1901 kuti umange nthambi 65.

Carnegie sankapereka mwachisawawa. Tauni yofuna nyumba inkalemba kalata, ndipo mlembi wake, James Bertram, ankaifunsa mafunso. Tauniyo inayenera kupereka malo, kulonjeza kuti chaka ndi chaka idzatulutsa m'misonkho yake gawo limodzi la magawo 10 a mtengo wa nyumbayo kuti izigulira mabuku ndi kulipira antchito, ndiponso kulola anthu kubwereka popanda kulipira. Lamulo lotsirizali tingathe kuona kumene linachokera. Ndi madola awiri aja a mu 1853.

Panalinso nzeru zina zokopera anthu. Kale munthu wofuna buku ankaima pa kazenera natchula dzina la bukulo kwa kalaliki, ndipo amene sankadziwa dzina la buku lililonse ankachita manyazi n'kubwerera. M'nyumba zambiri zatsopanozi mabuku anaikidwa poyera, kuti munthu aziyenda pakati pa mashelefu n'kudzisankhira yekha. Zambiri zinalinso ndi chipinda cha misonkhano pansi, choti akuluakulu azimveramo maphunziro madzulo. Ya ku Braddock, imene inatsegulidwa mu March 1889 ndipo inali yoyamba ya nyumba zake kutsegulidwa ku America, inali ndi mabafa a antchito ochokera ku ng'anjo ndi matebulo a masewera, ndipo mu 1893 anaonjezerapo holo ya nyimbo ndi dziwe losambiramo. Zikuoneka kuti omangawo anaganiza kuti munthu akazolowera kubwera kudzasamba, tsiku lina adzakwera masitepe nakagwira buku.

Amene sanathe kubwera

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Antchito a ku Braddock omwewo poyamba ankagwira ntchito maola 8 pa tsiku, m'magulu atatu osinthana. Chakumapeto kwa 1887 Carnegie anatseka ng'anjo, ndipo anthu anakhala miyezi ingapo opanda malipiro, kufikira mu 1888 pamene anagonja navomera kugwira maola 12. Patangopita chaka chimodzi, bwana yemweyo anabwera kudzawatsegulira nyumba ya mabuku. Tangoganizani, anzanga. Munthu waima pa moto wa ng'anjo kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Pa ng'anjo zina ntchito siinkaima ngakhale Lamulungu, ndipo pa tsiku losinthana gulu la usana ndi la usiku ena ankagwira maola 24 osapita kunyumba. Kodi wotere angakhale pansi madzulo kumvera mphunzitsi? Ife tomwe timaodzera pa nthawi ya pulepu, chonsecho tangokhala pa desiki tsiku lonse.

Choipa koposa chinachitika ku Homestead, kumene kunali ng'anjo zake zina, mu 1892. Kampani inafuna kudula malipiro ndi kuthetsa bungwe la antchito. Carnegie anapita kukapuma ku Scotland, nasiya zonse m'manja mwa mnzake wa malonda, Henry Clay Frick. Frick anatsekera antchito kunja, naitanitsa alonda amfuti ngati 300 a kampani ya Pinkerton, amene anafika podzera pa mtsinje pa 6 July. Panabuka nkhondo ya tsiku lonse, ndipo anafa anthu osachepera 10. Boma linatumiza asilikali, ndipo pofika November antchito anagonja. Bungwe lao linatha mphamvu, malipiro anatsika, ndipo ntchito ya maola 12 inakhazikika. Mu 1898 Carnegie anatsegula nyumba ya mabuku yokongola pa chitunda cha ku Homestead. Ambiri mwa antchito ankanena kuti akanakonda malipiro abwino ndi nthawi yopuma, kuti azidzigulira okha mabuku ndi kupeza mpata wowawerenga. M'matauni ena mabungwe a antchito analimbikitsa anthu kukana mphatsoyo. Ku Wheeling mu 1904 anthu anaponya voti, ndipo nyumba ya Carnegie siinamangidwe.

Panalinso ena otsalira kunja. Antchito ambiri a m'ng'anjo anali alendo ochokera ku Hungary, Poland ndi maiko ena a ku Europe, osadziwa Chingerezi, ndipo mashelefu odzaza ndi mabuku a Chingerezi analibe nao ntchito. Kum'mwera kwa dzikolo anthu akuda sankaloledwa kulowa m'nyumba za mabuku za azungu. Carnegie sanakakamize matauni kusintha lamulo loipalo. Anangopereka ndalama zomangira nyumba zapadera za anthu akuda m'mizinda ingapo.

Ukalamba ndi imfa yake

Mu 1911 Carnegie, ataona kuti wakalamba ndipo chuma sichikutha, anakhazikitsa bungwe la Carnegie Corporation ku New York kuti lizigawa chotsala. Mu 1915 bungwelo linatuma munthu wophunzira, Alvin Johnson, kuti akayendere nyumba za mabuku pafupifupi 100. Iye anapeza kuti zambiri zinali zokongola kunja koma zogona m'kati. Zina zinamangidwa kutali ndi kumene anthu amadutsa, ndalama zogulira mabuku zinali zochepa, ndipo oyang'anira ambiri anali osaphunzitsidwa ntchitoyo. Choncho analangiza kuti ndalama zizipita pa kuphunzitsa anthu odziwa kutumikira owerenga. Akulu a bungwe sanakondwere ndi mau ake poyamba, komabe mu 1917 analeka kulonjeza nyumba zatsopano.

Nkhondo yaikulu imene inayamba mu 1914 inamkhumudwitsa kwambiri Carnegie, pakuti anali atapereka chuma chambiri pofuna mtendere pakati pa maiko. Anamwalira pa 11 August 1919 ku Lenox, m'chigawo cha Massachusetts, ali ndi zaka 83. Anasiya mkazi wake Louise, amene anamkwatira mu 1887, ndi mwana mmodzi wamkazi, Margaret. Ndalama zonse zimene anapereka akali moyo zinali ngati $350 miliyoni.

Amene anadzaza nyumbazo ndi anthu

Ntchito yobweretsa akuluakulu m'nyumba zimene iye anamanga inagwiridwa ndi anthu ena, ndipo njira zao n'zoyenera kuzidziwa. Ku Louisville kunali munthu wakuda, Thomas Fountain Blue, amene ankayang'anira nthambi ya anthu akuda kuyambira 1905. Atalandira nyumba ya Carnegie mu 1908 sanadikire kuti anthu abwere chifukwa cha mabuku okha. Anapereka zipinda kwa timabungwe ta amai, ta aphunzitsi ndi ta achinyamata kuti tizisonkhanamo, natumiza mabuku m'masukulu, ndipo anaphunzitsa akazi achikuda ntchito yosunga mabuku. Motero anthu anazolowera khomolo, ndipo wobwera ku msonkhano ankatuluka ndi buku m'khwapa.

Ku Harlem, mumzinda wa New York, Ernestine Rose atafika mu 1920 anaona kuti anthu okhala mozungulira nthambi yake, imenenso inali nyumba ya Carnegie, ambiri anali akuda, pamene antchito a m'katimo anali azungu. Iye analemba ntchito anthu akuda, nayambitsa misonkhano ya madzulo yokambirana nkhani zokhudza moyo wa anthuwo. Mu 1926 Carnegie Corporation inapereka $10,000 zogulira mabuku amene Arturo Schomburg anasonkhanitsa, onena za mbiri ya anthu a ku Africa ndi zidzukulu zao. Anthu amene kale ankangodutsa pakhomo anayamba kudzaza zipinda, chifukwa anapezamo nkhope zodziwika ndi mbiri yaoyao.

M'mizinda ya alendo ambiri, nyumba za mabuku zinagula mabuku a zinenero zao ndi kupereka zipinda za makalasi a Chingerezi madzulo. M'zaka za m'ma 1920, m'mizinda monga Detroit, Chicago ndi Milwaukee munaikidwa alangizi a owerenga. Munthu wamkulu ankakhala pansi ndi mlangizi awiriwiri, popanda womuseka, nanena chimene afuna kudziwa, ndipo mlangiziyo ankamlembera mndandanda wa mabuku, kuyambira apafupi kunka kwa ovuta. Ku Milwaukee antchito a nyumba ya mabuku ankatuluka kupita kwa mabungwe a antchito ndi ku sukulu za usiku kukawapeza anthu kumene anali. Mu 1924 bungwe la osunga mabuku la ku America, pothandizidwa ndi ndalama za Carnegie, linasankha komiti yofufuza za maphunziro a akuluakulu, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1926. Ku Britain, bungwe lina limene Carnegie anakhazikitsa mu 1913 linathandiza kutumiza mabokosi a mabuku kumidzi, kwa anthu amene sakanatha kuyenda mtunda wautali kupita m'tauni. Ndipo mu 1923 makampani a chitsulo a ku America anathetsa ntchito ya maola 12, mwini nkhani atagona m'manda zaka 4.

Ngakhale kwathu kuno chuma chimenechi chinafikako. Sukulu ya Jeanes imene inatsegulidwa ku Domasi mu 1929 inathandizidwa ndi ndalama za Carnegie Corporation. Kumeneko ankaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi ao, ndipo pambuyo pake mafumu, kuti akabwerera akawaphunzitse anthu za ukhondo, za ulimi ndi za kasamalidwe ka nyumba m'midzi mwao momwemo.

Tinene chiyani za iye?

Kumnyoza kokha sikungakhale chilungamo, pakuti anthu osawerengeka anaphunzira m'nyumba zimene anamanga, ndipo zambiri mwa izo zikugwirabe ntchito. Kumtamanda kokha sikungakhalenso chilungamo. Iye anakumbukira bwino madola awiri amene anafuna kumtsekera kunja ali mnyamata, koma atakhala bwana anaiwala maola 12 a m'fakitale ya thonje. Mwina anayesa kuti popeza iye anatha kuwerenga akali pa ntchito, aliyense wakhama angathe. Anaiwala kuti kupereka makalata si kuima pa ng'anjo, ndi kuti mnyamata wopanda banja sasenza katundu amene tate wa ana asanu amasenza.

Pa tchuthi timamva anthu akudandaula kuti akuluakulu sabwera ku sukulu za kwacha kapena ku nyumba za mabuku, ndipo ena amafulumira kunena kuti ndi aulesi. Tisananene choncho, tiyambe tafunsa. Kodi kalasi limayamba nthawi yanji, ndipo nthawi imeneyo amai ali kuti, kumunda, kuchitsime kapena kuchigayo? Kodi phunzirolo liwathandiza kuwerenga sikelo pamsika, kapena kalata ya mwana wao? Mabuku ali m'chinenero chanji? Wawaitana ndani, ndipo akalakwitsa pa bolodi pali ana owaseka pa zenera? Ena a ife tidzakhala aphunzitsi, ena osunga mabuku, ndipo ena tidzakhala mabwana olamula nthawi yoweruka. Amene adzapate mwayi wotsirizawu akumbukire anthu a ku Braddock, amene anapatsidwa nyumba ya mabuku chaka chimodzi atalandidwa maola 4 a tsiku lililonse.